Amako Apita Kukatunga Madzi

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene ndinadziwa kuti mlendo amene ankakhala kuseri kwa nkhokwe ya agogo anga sanali mlendo ayi. Nkhaniyi ndinakula nayo osaiganizira kwenikweni. Yadzandipeza kuno kutsidya kwa nyanja, ku Smethwick, komwe ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'nyumba zawo, mwana wanga Tamanda ali ku Balaka ndi mayi anga. Ndinene poyera, ndili ndi mantha. Sindiopa kuti adzandiiwala nkhope, foni ilipo. Ndimaopa kuti adzandilemekeza.

Tchuthi chilichonse mayi ankanditumiza kumudzi ku Ntcheu, kwa amayi awo, agogo Esinati. Pakhomopo panali nyumba ya malata, khitchini, nkhokwe, ndiye kuseri kwa nkhokweko kanyumba ka udzu kamene chitseko chake chinkayang'ana kunjira, osati pabwalo. M'menemo munkakhala nkhalamba yaitali, yowonda ngati mpini wa khasu, maso atayera ndi ng'ala. Anthu a m'mudzi ankati Anachisale. Agogo anga ankangoti alendo.

"Feli, kapereke ndiwozi kwa alendo." Kapena, "Musamasewere uko, alendo akupuma."

Chinthu chimodzi chokha agogo sankatuma mwana. M'mawa uliwonse ankasenza okha ndowa ya madzi, ngakhale tinalipo ana oti n'kuwalandira, n'kukaitula pakhomo pa kanyumbako. Ankagwada, n'kuwomba m'manja.

"Mwadzuka bwanji?"

"Tadzuka, kaya inu?"

"Tadzuka."

Basi. Sankalowa, sankakhala pansi, sankafunsa za msana kapena za mvula. Sindinawamvepo akukangana, ndipo sindinaonepo Anachisale atagona ndi njala. Ine ndinkaganiza kuti agogo anga ndi munthu wachifundo kwambiri, wosunga nkhalamba yopanda abale.

Anachisale ndinkawaopa. Ankafwenkha fodya mpaka mlomo wam'mwamba unada, ankatukwana nkhuku m'chilankhulo chimene sindinkachimva, ndipo ukadutsa pafupi ankakugwira pamkono ndi zala zouma n'kuyamba kukupapasa kumaso.

"Ndiwe wa yani iwe?"

"Wa a Joyisi, agogo."

"Joyisi wa Esinati." Dzina lomalizalo ankalisunga m'kamwa kanthawi, ngati munthu woyamwa mchere.

Ndi ukalamba wonsewo ankalimabe. Kumbali kwa kanyumba kawo kunali kamunda ka mapira, pomwe m'mudzi monse anthu anali atasiya kale mapira n'kumadzala chimanga. Ankapalira chokhala pansi, akusiyanitsa udzu ndi mbewu ndi zala zokha.

Chaka chimene ndinadziwa za mlendoyo, mayi anga aang'ono, a Rute, ankapita ku Joni kutsata amuna awo. Mwana wawo Pilirani anali atangosiya kuyamwa, ndipo ankatsala ndi agogo. Tsiku la ulendo tinadzuka kuli mame. Akuluakulu ankalankhula monong'ona, chikwama atachibisa kuseri kwa chitseko. Agogo anandiitanira kukhitchini.

"Tenga Pili upite naye kudimba, ukamuthyolere nzimbe. Usabwere mpaka umve matola yadutsa."

"Nanga akafunsa amake?"

"Uziti apita kukatunga madzi."

Sindinaone chachilendo. Kwathu mwana amazembedwa, ndi mmene timachitira. Amati kulira kwa mwana kumatseka njira, munthu akachoka akumulirira sayenda bwino. Ndinamubereka Pili, ndikunyada kuti andipatsa ntchito ya akulu.

Njira ya kudimba inkadutsa pakhomo pa Anachisale. Anali atakhala pakhonde, ndowa imene agogo anatula m'mawawo ili pambali pawo. Anatimva tisanafike.

"Ukupita naye kuti mwanayo?"

"Kudimba, agogo."

"Mame onsewa? Amake ali kuti?"

Ndinayankha monga anandiphunzitsira. "Apita kukatunga madzi."

Anandigwira pamkono. Kagwiridwe ka tsiku limenelo kanali kena, zipsera za zikhadabo ndinakhala nazo mpaka sukulu inatsegulidwa. Anamasula Pili kumsana kwanga, anamugwira dzanja, n'kuyamba kuyenda popanda ndodo yawo, dzanja linalo likupapasa khoma la nkhokwe. Analowa pabwalo la agogo, pamene ine ndinali ndisanawaonepo atapondapo.

A Rute anali ataima pakhomo, atavala nsapato za kutchalitchi, chikwama chili pamutu. Pili anayang'ana chikwamacho, anayang'ana nsapato, n'kutsegula pakamwa. Poyamba mawu sanatuluke.

"Rute," anatero Anachisale, "mtsanzike mwana wako."

"Agogo, mwandilakwira! Ndiyenda bwanji tsopano?"

Agogo Esinati anatuluka m'khitchini akupukuta manja pachitenje. Analankhula mofatsa, monga ankachitira m'mawa uliwonse.

"Alendo, za pakhomo pano zisakuvuteni. Pitani mukapume."

"Amuuze kumene akupita. Amve ndi makutu ake, aone msana wa amake ndi maso ake."

"Mukudziwa kuti kulira kwa mwana kumatseka njira."

"Yanga inatseguka," anatero Anachisale. "Inatseguka bwino, sindinaponde ngakhale minga. Taona kumene inandifikitsa."

Pili tsopano ankalira atakakamira miyendo ya amake. Agogo anga anatembenukira kwa nkhalambayo.

"Ine ndinafa? Sindinakule ine? Sindinabereke? Nanga madzi simukumwa?"

"Ndikumwa, mwana wanga."

"Mawu amenewo musamawanene pamaso pa ana."

Anabwerera m'khitchini. Ine ndinaima pamenepo, chitenje chobereka mwana chili m'manja, mawu oti mwana wanga akundizungulira m'mutu. A Rute anatula chikwama, anagwada m'fumbi, n'kumuuza Pili kuti akupita kutali kwa atate ake, ndipo sabwera mawa kapena mkuja. Pili anawaluma paphewa. Matola itafika ndine ndinamugwira, ankandimenya ndi zidendene m'mimba, akukuwa mpaka mawu anatha. Tsiku lonse anthu ankati Anachisale ayamba misala ya ukalamba, azunzitsa mwana pachabe. Mawa lake agogo anasenza ndowa, anakagwada, anafunsa mmene alendo adzukira.

Masiku amenewo mapira anali atayamba kucha, ndiye anandituma kuti ndizikathandiza kuwinga mbalame. Ndinkakhala pachulu ndi chitini cha miyala, Anachisale atakhala m'munsi. Sanandiitane kuti ndimve nkhani, ndipo sindikhulupirira kuti ankafuna kundiphunzitsa kanthu. Ankangolankhula, nthawi zina kwa ine, nthawi zina kwa mapirawo, zidutswazidutswa, n'kulekeza pakati kuti atukwane mpheta. Zimene ndikulemba pano ndinachita kulumikiza ndekha.

Anakwatiwa ali mtsikana, nthawi ya atsamunda. Amuna awo anatopa ndi kuthawira kuphiri amesenjala akabwera kudzafuna msonkho, ndipo anamva kuti ku Halale azungu a mafamu a fodya akulemba anthu pamodzi ndi akazi awo. Anachisale anali ndi mwana mmodzi woyenda, Esinati, ndi mimba ya wachiwiri. Ankafuna kupita ndi mwanayo, koma amalume awo anakana. Anati mkamwini angatenge mkazi, sangatenge mbumba yonse. Mwana wamkazi atsale, kuti amake akhale ndi chobwerera.

"Ndinawauza mayi anga kuti ndibwera mapira akacha," anatero. "Sindinkanama. Ndinkadziwa choncho."

M'mawa wa ulendowo Esinati anamutengera kwa anansi kukamupatsa maungu. Anachisale anasenza mtanga, anamanga mbewu ya mapira pakona ya nsalu, n'kudzera kuseri kwa nyumba. Ankamumva mwanayo akuseka. Anayenda pansi kudutsa dziko la Apwitikizi, akugona pamodzi ndi magulu ena a apaulendo poopa mikango, anawoloka Zambezi pabwato atatseka maso. Wachiwiri uja anabadwira m'komboni ya pafamu, m'nyumba imene khoma lake linali la mapesi.

Kumeneko anasankha fodya m'shedi mpaka zala zinasanduka zachikasu, analandira phoso la ufa ndi nyemba zofumbwa, anabereka ana ena, awiri anawaika m'manda a antchito kuseri kwa mabani oumitsira fodya. Kapitawo anawalola kulima kachigawo kuseri kwa komboni, ndipo anadzalapo mapira a kwawo aja. Chaka chilichonse akacha ankauza amuna awo kuti tiyeni. Chaka chilichonse panali chifukwa: mimba, matenda, mzungu wakana, tidikire tigule kaye njinga. Kwawo anayamba kuwawerengera m'gulu la matchona, anthu amene anapita osabwerera.

Anabwerera boma la atsamunda la Chitaganya lili pafupi kutha, amuna awo atamwalira. Ana aamuna amene anakulira konko anakana kubwera, anati kuno sakudziwako aliyense. Anafika okha, ndi mtanga womwe uja ndi mbewu ya mapira pakona ya nsalu. Amayi awo anawapeza ali moyo, ndipo ndiwo anawauza zimene zinachitika atachoka. Esinati atafunsa, anamuuza kuti amako apita kukatunga madzi. Tsiku limenelo anakakhala pamwala wa panjira ya kumtsinje mpaka dzuwa linalowa. Mawa lake anapitanso. Ankati akamva akazi akubwera ndi mitsuko, ankaimirira n'kumayang'ana mmodzimmodzi kumaso. Anamumenya kuti asiye, sanasiye. Anadzasiya yekha mvula yachiwiri, ndipo kuyambira pamenepo sanafunsenso.

"Tsono tsiku limene ndinafika ndinakhala pamphasa," anatero Anachisale. "Ndinaona mtsikana akubwera ndi chikho cha madzi, mwana ali kumsana. Anagwada apo. Ndinati, Esinati, ndine amako. Iye anati, zikomo, mwayenda bwanji?"

Anafwenkha fodya, n'kupukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja.

"Akanandigenda. Akanandilavulira, akananditukwana pamaso pa mudzi wonse, ndikanadziwa pogwira. Koma ulemu, iwe! Ulemu ulibe chogwirira. Winga mbalamezo, ukugona?"

Anachisale anamwalira ndili ku sekondale, nthawi ya tchuthi. Agogo anachita zonse zoyenera. Anasambitsa mtembo, anapereka nsalu yatsopano, anadyetsa anthu. Sanalire, ndipo akazi a m'mudzi ananong'onezana za zimenezo. Maliro atatha, anthu atabalalika, ndinadzuka m'mawa kukataya phulusa ndipo ndinawaona atasenza ndowa, akulowera kuseri kwa nkhokwe. Ndinkaganiza kuti aiwala. Anatula ndowayo pakhomo pa kanyumba kotseka, anagwada, anawomba m'manja. Kenako analankhula, ndipo mawu amene anatuluka sanali a agogo anga, anali aang'ono, a mwana.

"Amayi, nanga madzi aja?"

Ndinabwerera m'nyumba ndi phulusa langa. Sindinauzepo aliyense mpaka lero, ndipo agogo nawo anatsikira kuli chete osadziwa kuti ndinamva.

Za Pili sindinganene kuti kutsanzikidwa kuja kunamuchiritsa. Anakula wamkwiyo, ndipo mpaka pano iye ndi a Rute akakhala pamodzi sipatha ola asanakangane. Koma amakangana ngati mayi ndi mwana, amalowa m'khitchini mwawo osaodira n'kuvundukula mapoto.

Ine ndinamaliza satifiketi yanga ku koleji, ntchito osaipeza, bambo a Tamanda ali ndi banja lawo lina. Mwayi wa viza utapezeka, malamulo anali atasintha, ogwira ntchito ngati yangayi sankaloledwanso kubwera ndi ana. Tsiku lonyamuka, mayi anga anandikokera pambali.

"Tamanda ndimutuma ndi mtsikana wa a neba kuchigayo. Ukatuluke bwinobwino."

"Ayi amayi, ndimutsanzika."

"Ukufuna ukwere ndege mwana akukulirira? Ukufuna tsoka?"

Ndinagwada pakhonde, ndinamugwira Tamanda mapewa, ndinamuuza kuti ndikupita kutali kwambiri kukagwira ntchito, kuti azikhala ndi agogo, kuti sindibwera mawa. Anali ndi zaka zinayi. Anandifunsa ngati kutaliko n'kupitirira ku Liwonde. Nditati inde, anagwira lamba wa chikwama changa ndi manja onse awiri, ndipo mayi anachita kumutsegula zala chimodzichimodzi. Kenako, chifukwa sindikanatha kupirira, ndinanena chimene sindinakonzekere. Ndinati ndibwera pa Khirisimasi.

Kulira kumeneko ndinabwera nako kuno. Pakati pa nyumba ya nkhalamba imodzi ndi ina ndimadutsa m'mbali mwa ngalande, madzi ake akuda, osayenda, ndipo ndimakumva. Ndili ndi gogo wina wachizungu amene mutu unasokonekera, amaima pawindo atavala jasi n'kumandifunsa ngati amayi ake afika. Anzanga amati uzingomuuza kuti akubwera. Ine lilime limakana, ndimangoima naye pawindopo mpaka atatopa. Kutchalitchi, anti ena amene akhala kuno zaka zambiri ngati namwino anandiseka nditawauza mmene ndinachokera.

"Iwe, unadzipatsa stress wekha. Ukanangozemba, ana amaiwala. Anga awiri ndinawasiya akugona, pano ali ku uni, ali bhobho."

Mwina akunena zoona. Ana awowo ndinawaona, amawayankha m'Chingerezi, mwaulemu kwambiri.

Miyezi yoyamba Tamanda ankakana kubwera pafoni, ndipo akabwera ankangolira. Zinkandipweteka koma ndinkagona. Chimene chinandichotsa tulo chinayamba miyezi yapitayi. Ndikaimba, ankabwera yekha, atasamba, n'kukhala bwinobwino pampando.

"Muli bwanji?"

"Ndili bwino mwana wanga, iwe uli bwanji?"

"Ndili bwino. Zikomo chifukwa cha nsapato."

Mayi ankamveka kumbuyo akunyadira kuti waona mmene wakulira, sakuvutanso. Ine ndinkaona ndowa pakhomo pa kanyumba ka udzu. Ndinayamba kumvetsera ngati anganene kuti amayi, ndipo masabata ankatha osanena. Sindikudziwa ngati ankachita dala. Mwana wa msinkhu umenewo sachita dala, amangopeza malo oti akuikepo pomwe sungamupweteke.

Tchuthi cha Khirisimasi anandikaniza kuntchito, anati nthawi imeneyo mashifiti ndi ambiri ndipo ine ndine watsopano. Nditawauza mayi anati, "Usamuuze. Tizingoti ndege yachedwa, aiwala ndi zovala zatsopano." Ndinakhala nazo masiku angapo. Mapira akacha, Khirisimasi ikafika, ndege yachedwa, apita kukatunga madzi. Ndinaona kuti ndayamba kale kuyenda njira ya Anachisale, ndipo nayonso inali yotseguka bwino.

Lamlungu lapitali, titatuluka m'tchalitchi, ndinaima pamalo odikirira basi ku Cape Hill, kukuwaza kamvula kosatha kaja, ndinaimba. Tamanda anabwera, anakhala pampando, anandifunsa mmene ndilili.

"Tamanda, tamvera. Ndinakuuza kuti ndibwera pa Khirisimasi. Sindibwera. Andikaniza kuntchito. Ndege siinachedwe, ine ndi amene sindibwera, ndipo sindikudziwa tsiku."

Anandiyang'ana. Ndinadikira zikomo uja.

"Munanama."

"Inde."

"Munanama! Ndinu oipa, amayi! Oipa! Nsapato zanuzo sindizifuna!"

Foni anaiponya. Ndinkangoona malata a denga la kwathu, ndikumva akugubuduka pansi, mayi akumukalipira kuti amako salankhulidwa choncho, kenako akundikalipira ine kuti taona zimene wachita. Ndinawapempha kuti asadule, ndiponso asamuletse. Basi yanga inabwera, inapita. Ndinaima pamenepo foni ili pakhutu, mvula ikulowa m'khosi mwa jasi, ndikumvetsera mwana wanga akunditukwana mpaka anatopa.

Sindikudziwa ngati ndikuchita bwino. Sindikudziwa kuti ndidzamutenga liti, kapena ngati tsiku lina sadzandigwadira ndi kapu ya madzi. Chimene ndamvetsa ndi chimene nkhalamba ija inkafuna m'mawa uja, pamene inayenda popanda ndodo mpaka pabwalo limene silinali lake. Siinkafuna kuti Pili asamve kuwawa. Inkafuna kuti kuwawako akhale ndi munthu womuponyera, asakakhale nako yekha pamwala akuyang'ana nkhope za akazi a eni. Mlendo timamugwadira. Amene timamukalipira ndi wathu.

Dzulo ndinaimbanso. Tamanda anakana kubwera pafoni. Ndinamumva ali kuchipinda akukuwa kuti, "Auzeni amayiwo kuti sindikuwalankhula!" Ndinawauza mayi kuti amuuze kuti ndamva, ndipo mawa ndiimbanso.